Mizu Imagwira Ntchito M'mamawa

Namizu anakhoma chitseko cha labotale basi yomaliza itapita kalekale. Dzinali anamupatsa ndi anzake, poti kwa zaka zitatu ankangocheza ndi mizu ya mbewu zake za m'mabotolo. Ankafuna kuyeza timankhwala tomwe mizu imatulutsa kuti tigwire chitsulo n'kuchikokera m'mbewu. Koma makina oyezera ankangomujambulira mzere wogona, osatukuka ngakhale pang'ono. Abwana ake anali atagamula kale: Lachisanu likadutsa popanda kanthu, mbewu zikatayidwa kudzala, ntchito n'kutsekedwa. Tsikulo linali Lachinayi.

Njira yachidule inkadutsa pa mlatho wachitsulo, kuseri kwa manda. Anayenda akung'ung'udza kanyimbo kolimbitsa mtima. Kenaka... kwee! kwee! Wina ankapala dzimbiri pamlathopo. Nyimbo inathera pakhosi. 

Anali bambo wachikulire, atavala khoti loyera lopserera pathumba. Mwezi unali mbee, koma chithunzithunzi chake pansi... panalibe!

"Mwanawe," anatero bamboyo akuseka chikhakhali, "madzi a mizu aja umatunga nthawi yanji?"

"Ma... madzulo, bambo. Ndikamaliza kuphunzitsa."

"Ha! Ndiye umafika pamsika anthu atalongedza kale! Mizu imagwira ntchito m'mamawa, dzuwa likangotuluka. Pofika madzulo tizilombo timakhala titadya timankhwala tonse."

Namizu anaphethira kamodzi. Pamlatho panali zii, bambo uja atazimiririka. Liwiro lake, abale, ngakhale nsapato imodzi sanaidikire!

Tulo sanatione. Koma mantha ndi mantha, zaka zitatu ndi zaka zitatu. M'bandakucha anali kale m'labotale. Dzuwa litangotuluka n'kuwala pazenera, anaviika mizu m'madzi oyera, nadikira, nasefa, nathira m'makina. Mzere unayamba mogona monga mwa masiku onse. Kenaka unatukuka. Unakwera... unakwerabe... mpaka kutsala pang'ono kuboola pepala!

Anakuwa, navina yekhayekha pakati pa matebulo, misozi ili mbwembwembwe ndi chimwemwe. Abwana analowa akuthamanga poganiza kuti kwabuka moto. Ataona pepalalo anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

"Mbewu izi asazikhudze munthu!" anafuula. "Koma iwe, nzeru yotunga m'mawa waitenga kuti?"

Namizu anafotokoza zonse, kuyambira kuseka kuja mpaka thumba lopserera. Abwana anakhala pampando pang'onopang'ono. Anatsegula dirowa, natulutsa chithunzi chakale cha antchito a m'labotale. Kumapeto kwa mzere kunali bambo yemwe uja, mano onse pamtunda.

"Awa ankatitsukira mabotolo," anatero abwana motsitsa mawu. "Ankafika kusanache, ndipo tsiku lililonse ankandiuza zomwezi. Ine ndi masukulu angawa ndinkangoti, 'Tsukani mabotolo, bambo.' Tinawaika m'manda a kuseri kwa mlatho aja zaka zisanu ndi zinayi zapitazo."

 Abwana anapukuta maso, kenaka n'kuphulika kuseka.

"Nkhalamba yamakani! Yaona kuti ine sindimva, ndiye yakadikirira wa makutu pamlatho."

Anakoka lipoti la zotsatira, natenga cholembera, nalemba dzina la wotsuka mabotolo pamwamba pa lawo.