Tepi Yakuda ya Bweranimawa

Pakhonde la sitolo ina yogulitsa misomali ndi penti panali telala amene anthu ankamutchula kuti Bweranimawa. Dzinali anamupatsa ndi mkazi wake yemwe, ndipo linamukhala ngati buluku loyezedwa, chifukwa ukapita kukatenga chovala chako unkachipeza chili pansi pa mulu wa nsalu, mwini wake akukanda m'mutu ndi sizasi, n'kukuuza mawu awiri omwe aja.

Ntchito ankaidziwa, tisamunamizire. Msoko wake unali wowongoka ngati njanji. Koma m'mutu munali mutauma gwa! Zaka khumi ndi zisanu ankasoka diresi imodzimodzi: khosi lozungulira, manja ofufuma, zipi kumsana. Mkwatibwi, namfedwa, mphunzitsi, onse diresi yomweyo, kusiyana nsalu basi. Mapeto ake anthu anayamba kumubweretsera zigamba zokhazokha. Tsiku lonse n'kumatseka mabowo a kumatako a mabuluku a eni ake, kwinaku denga la kunyumba kwake likudontha malo anayi.

Kenako tsidya la msewu kunatsegulidwa shopu. Mwini wake anali mayi wina wamagalasi, telalanso, ndipo pawindo anaimika zidole ziwiri zazitali ngati anthu. Sabata iliyonse zidolezo zinkavala zachilendo. Bweranimawa ankapalasa makina maso ali kutsidya, mpaka tsiku lina anasokerera pamodzi miyendo yonse iwiri ya buluku la wapolisi.

“Bambo, simungowoloka msewuwu mukamufunse mayiyo?” anatero mkazi wake atamubweretsera chakudya. “Kufunsa sikuthothola ndevu.”

“Ine? Ndinayamba kusoka iye akuvala matewera.”

“Ndiye pitani kwa amalume anu. Akuitanani kangati? Safunsa anadya phula.”

Amalumewo ndi amene anamuphunzitsa ntchito. Maso anali atafooka, makina anasiya, koma m'mutu mwawo munali masitayilo osatha.

“Amalume amalankhula ngati wailesi yotha mabatire,” anayankha Bweranimawa. “Kolala imodzi aifotokoze mpaka dzuwa kulowa. Ine ndikufuna zachangu.”

Zachanguzo anazimva kwa wometa tsitsi, amene anamunong'oneza za sing'anga wina wokhala kuseri kwa malo okonzera njinga. Anapitako masana dzuwa likuswa mtengo. Ankayembekeza zikopa ndi nyanga, koma anapeza kachipinda kosesedwa bwino, mipando iwiri yapulasitiki, ndi bambo wa malaya oyera akuwenga zikhadabo.

“Mwabwera ndi fungo la mafuta a makina,” anatero sing'angayo osadzutsa mutu. “Mukufuna ndalama?”

“Ayi, asing'anga. Ndikufuna nzeru zatsopano. M'mutu mwauma.”

“Ndinu ochenjera. Anzanu amapempha mazira, inu mwapempha nkhuku. Koma nzeru sizimera m'botolo, atelala. Zimakhala m'mitu ya anthu. Kuti zilowe mwa inu, ziyenera kutuluka mwa wina.”

Anatsegula kabokosi n'kutulutsa tepi yoyezera, yakuda bii, manambala ake oyera ngati mano.

“Muyeze mutu. Kuyambira pachipumi, kuzungulira kunkhongo, kubwereranso pachipumi. Nambala muitchule mokweza. Basi.”

“Mutu wa aliyense?”

“Wamagalasi uja muiwaleni. Mutu wa mdani ndi wokhoma. Pafunika munthu amene angakuweramireni yekha, akumwetulira, chifukwa amakukhulupirirani.”

Bweranimawa anayang'ana tepi ija. “Nanga iyeyo zimuthera bwanji?”

“Mukadula diresi pansalu, pamatsala chiyani?”

“Tizidutswa.”

“Mwadziyankha nokha. Magazi palibe, maliro palibe. Zimenezo ndi za asing'anga osaphunzira.” Anapemerera chikhadabo. “Zinthu ziwiri. Manambala akayamba kufufutika, dziwani kuti yamva njala. Chachiwiri, atelala muli ndi matenda okoleka tepi m'khosi. Iyi isadzakhudze khosi lanu.”

“Ndikupatseni chiyani?”

“Sungani. Tepiyi imatolera yokha.”

Masiku atatu tepi inagona m'thumba. Lachinayi zidole za kutsidya zinavala majekete a mabatani am'mbali, ndipo anthu anaunjikana pawindo ngati pachitika ngozi. Lamlungu masana Bweranimawa anatenga kansalu kaubweya, ulendo wa kwa amalume.

Anawapeza pampando wawo wapakhomo, akuotha dzuwa.

“Ha! Mphwanga, wakumbuka kuti ndili moyo? Khala pansi, khala pansi. Pali kolala ina yandisowetsa tulo, ndakusungira iweyo. Tenga choko ndikuonetse.”

“Tiyeze kaye, amalume. Kukubwera kuzizira, ndikufuna ndikusokereni chipewa.”

“Chipewa! Mwana ameneyu!” Nkhalambayo inaseka mpaka kutsokomola, inavula kachipewa kake kakale n'kuweramitsa mutu wa imvi uja. “Yeza bwino, paja ndi ine ndinakuphunzitsa.”

Tepi inali yozizira ngati njoka. Pachipumi, kunkhongo, pachipumi.

“Twente-thuu,” anatero Bweranimawa.

Amalume anadzutsa mutu, n'kuphethira kawiri. “Paja ndimati ndikuuze chiyani?”

“Za kolala.”

“Kolala? Yatani kolalayo?”

Bweranimawa asanafike n'kunyumba komwe, m'mutu mwake munayamba kuwira. Makolala oima, makolala ogona, masiketi opindika ngati maluwa, matumba obisika mumsoko. Choko chinatha, anapitiriza kujambula ndi khala pakhoma. Diresi yoyamba anasokera namwino wina, ndipo pofika mawa lake anamwino asanu anali pakhonde. Miyezi itatu isanathe anachoka pakhonde paja n'kulowa m'shopu yawindo lalikulu, makina anayi, antchito atatu, zidole zinayi. Denga la kunyumba linasiya kudontha. Dzina lokha ndi limene silinachoke, popeza tsopano mzere unali wautali moti ankauzadi anthu kuti abwere mawa.

Koma amalume. Poyamba anaiwala kulowetsa ulusi pasingano, anthu n'kumati ndi maso. Kenako anawapeza atagwira sizasi yawo yakale, akuitembenuza, akufunsa kuti kachitsulo kameneka n'kantchito yanji. Kenako anasochera pakati pa khomo ndi bafa. Mkazi wa Bweranimawa anawatengera kunyumba kuti aziwasamala.

Bweranimawa anawagulira bulangete latsopano, shuga, nsapato zofewa. Anawapititsa kwa madokotala atatu, onse anangoti ndi ukalamba.

“Muli ndi mtima wabwino, bambo,” ankatero mkazi wake. “Ena akalemera amaiwala amene anawalera.”

Mawu amenewo ankamulasa kuposa singano. Akalowa m'nyumba ankayenda chozemba kuti asadutse pamene pakhala amalume, koma nkhalambayo inkamuona ndithu. Dzina lake inali italiiwala, ubale inali itauiwala. Chinthu chimodzi chokha n'chimene chinatsalira m'mutu muja.

“Pepani, bambo,” inkatero mwaulemu, “kodi si inu munandilonjeza chipewa?”

Ndipo chipewacho chinamukanika. Munthu wosoka jekete tsiku limodzi, akangogwira kansalu kaubweya kaja sizasi inkamupulumuka m'manja.

Chaka chitatsala pang'ono kutha, anatsegula dirowa n'kupeza manambala a patepi atayamba kuzilala. Sabata yomweyo mayi wina wolemera anabwera ndi mipukutu ya nsalu zodula, akufuna madiresi khumi ndi awiri osafanana ngakhale pang'ono. Bweranimawa anayala nsalu pathebulo, anagwira choko, anadikira. Dzanja linayenda lokha. Atayang'ana chimene wajambula, inali diresi yakale ija: khosi lozungulira, manja ofufuma, zipi kumsana.

Anathamangira kuseri kwa malo okonzera njinga kuja.

“Asing'anga, abwezereni amalume nzeru zawo. Ndapota nanu.”

“Munaonapo nsalu yodulidwa ikubwerera pampukutu?”

Bweranimawa anatsitsa mawu: “Nanga manambalawa, akafufutikiratu?”

Sing'anga anamwetulira. “Funso loyamba linali la amalume. Lachiwirili ndi lanu. Ndikuona ngati mwabwerera lachiwirili. Akafufutikiratu mubwerera pakhonde, kumatako a mabuluku. Koma kunyumba kwanu kuli mutu wabwino. Umasunga miyezo ya makasitomala onse popanda kope. Muli nthabwala, muli nyimbo...”

“Ameneyo ayi!”

“Ine sindinatchule munthu.”

Anabwerera kushopu, anaponya tepi m'dirowa, anakhoma loko, kiyi m'thumba. Analumbira kuti bola zigamba. Analumbira Lachitatu, analumbiranso Lachinayi. Lachisanu mayi wolemera uja anaimba foni kawiri, ndipo antchito anayamba kunong'onezana poona abwana akungoyang'ana nsalu ngati ng'ombe yoyang'ana sitima.

Loweruka m'mawa, antchito asanafike, mkazi wake analowa m'shopu atanyamula kansalu kaubweya kaja.

“A Bweranimawa, mawa lanu lija silifika? Amalume angotsala pang'ono kulira. Poti inu manja akukana, ndisoka ndekha, zokhota zomwezo. Muyezo munauiwala, eti? Yezani wangawu. Kachipewa kawo kakale kamandikwana ndendende.”

Anamasula duku, anaweramitsa mutu, akumwetulira.

Apa ndi pamene nkhaniyi imawawa, ndipo tisamubisire. Tepi yachikasu, yamasiku onse, inali pathebulo pomwepo, pafupi ndi dzanja lake. Yakuda inali m'dirowa yokhoma, kiyi ali m'thumba. Munthu satsegula loko mwangozi.

“Mukuchedwa chiyani? Khosi liwawa,” anatero mkazi uja, maso ali pansi.

Pachipumi, kunkhongo, pachipumi. Akanatha kungokhala chete, koma pakamwa pa telala sipasunga nambala.

“Twente-thuu.”

Tepi inali ndi njala ya chaka chathunthu, ndipo sinadye pang'onopang'ono ngati kwa amalume. Inameza kamodzi. M'mutu mwa Bweranimawa munakhuthukira madiresi, osati khumi ndi awiri okha koma makumi. Munalowa zikwama za ana asukulu zosokedwa ndi tizidutswa totayidwa, nzeru imene mkazi wake ankadikira kuti amuuze tsiku limene angamvetsere. Munalowanso zina zimene sanapemphe. Anaona khonde lakale lija ndi maso a mkazi wake ali mtsikana wobwera ndi siketi yothyoka zipi. Anadziona yekha ali mnyamata, akunama kuti ulusi watha, bwerani mawa, kasanu konse, kuti mtsikanayo azingobwerabe. Ndipo anamva mumtima mwa mtsikanayo kuti bodzalo ankalidziwa kuyambira tsiku loyamba, koma ankabwera dala.

Mkazi wake anadzutsa mutu. Anayang'ana zidole, anayang'ana kansalu m'manja mwake, kenako anayang'ana mwamuna wake monga mmene umayang'anira munthu wa m'basi.

“Pepani, bambo. Kodi telala wake ndinu?”

“Mayi! Ndine, ndine! Tandiyang'anani!”

Anafuna kumugwira mapewa ndi manja onse awiri kuti amugwedeze. Koma dzanja limodzi linali ndi tepi. Ndipo telala akafuna kumasula manja, tepi amaiika kuti? Zaka zonse zija dzanja linazolowera njira imodzi. Linaiponya m'khosi.

Antchito atafika anapeza abwana ali pansi pa thebulo atatseka makutu, akukuwa ndi mawu atatu. Mwina ankalankhula ngati nkhalamba, kufotokoza kolala pang'onopang'ono. Mwina ankaseka ngati mkazi, n'kumati kufunsa sikuthothola ndevu. Mwina ankalira ndi mawu ake enieni. Nsalu za mayi wolemera zija anali atazidula tizidutswa tozungulira, tonse tofanana, muyezo wa chipewa. Tepi ija antchitowo anayesa kuichotsa m'khosi ndi sizasi, sizasi inabuntha.

Shopu inatsekedwa mwezi womwewo. Mkazi uja ndi amalume anatengedwa ndi mchemwali wake wa mkaziyo, ndipo amakhala pakhomo awiriwiri, kupatsana moni kangapo patsiku ngati alendo. Chipewa chija anasoka ndi mayi wamagalasi wa kutsidya atamva nkhaniyi, osalipiritsa. Akuti anapukusa mutu n'kunena kuti, “Akanangowoloka msewu. Ine masitayilo ndimafunsa makasitomala anga omwe.”

Bweranimawa mpaka lero amayendayenda mumsewu womwewo, tepi yakuda ili m'khosi, manambala ake akuwala mbee. Akakumana ndi munthu amavula chisoti chong'ambika, amaweramitsa mutu, n'kuchonderera: “Tandiyezani, abale. Mutchule nambala mokweza, zituluke zibwerere kwa eni ake.” Anthu amamulambalala. Ena achipongwe amamuyankha ndi dzina lake lomwe.

Ndiye inu amene geni yanu yaima, m'mutu mwauma, maso ali pawindo la mnzanu, imvani. Nzeru zimene Bweranimawa anaba zinali zake kale. Amalume anamuitana kuti adzatenge, mkazi wake ankangodikira khutu, ngakhale wa kutsidya akanamugawira. Chinamukanika ndi kukhala pansi n'kufunsa. Dyera limakuuza kuti njira yachidule ilibe maliro, koma silikuuza kuti munthu ungamuike m'manda akupumabe. Ukafuna kukolola m'mutu mwa mnzako, gogoda pakhomo. Wolowera pawindo amatuluka ndi katundu amene sangathe kumutula.