Matemba Anayi a Amalume Jeremiya

Ennie anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala ku Domasi, kumunsi kwa phiri. Anali ndi khumbo limodzi. Ankafuna kuti amalume ake abwere. Ankafuna kuti akabwera, asapitenso.

Amalume akewo anali a Jeremiya. Ennie anali asanawaonepo. Anachoka iye asanabadwe. Anachoka masiku amene anthu ankalankhula monong'ona. Anapita ku Zambia. Kunyumba kunangotsala chithunzi chawo pakhoma.

Tsiku lina kunabwera kalata. Abambo anaiwerenga pakhonde. Amayi anasiya kupeta. Jacinta, mng'ono wake wa Ennie, anasiya kusewera.

"Ndikubwera Loweruka," inatero kalatayo. "Musavutike ndi nkhuku. Musavutike ndi mpunga. Ndikufuna chinthu chimodzi basi. Ndikufuna matemba a ku Chilwa."

Amayi anaseka. Kenako anasiya kuseka.

Chaka chimenecho nyanja ya Chilwa inali itaphwa. Madzi anathawa. Matope anang'ambika. Mabwato anagona pamtunda ngati ng'ombe zotopa.

Kale matemba anali ndiwo za aliyense. Ankabwera panjinga, m'madengu akuluakulu. Belu linkalira, ngili, ngili! Wogulitsa ankadzaza mbale, n'kuwonjezera ena pamwamba. Koma chaka chimenecho belu silinalire.

Kwa a Ennie ndiwo zinavuta. Lolemba mfutso. Lachiwiri mfutso. Lachitatu nandolo. Lachinayi mfutso.

Mfutso ndi masamba ouma a nkhwani. Amayi anawayanika nthawi ya dzinja. Anawakulunga m'chikwatu cha masamba a msuku. Chikwatucho chinkalendewera kudenga la khitchini.

Amayi ankadziwa kuchulukitsa ndiwo. Tomato mmodzi ankamudula pakati. Theka lero, theka mawa. Mafuta ankathira ndi kachivundikiro ka botolo. Mafuta akatha, ankasinja mtedza. Ankatendera ndiwo ndi nsinjiro. Palibe ankagona ndi njala.

Koma matemba kunalibe.

Amayi anapita kumsika wa Songani. Matemba kunalibe. Anapita ku Naisi. Matemba kunalibe. Pobwerera anadzera kwa mnzawo, mayi Alima. Mayi Alima anali atasunga pang'ono mumphika. Anawagawira Amayi.

Amayi anafika kunyumba fumbi lili mbuu kumapazi. Anamasula kansalu. Jacinta anawerenga ndi chala.

"Wani. Thu. Fili. Folo."

Kenako anawerenga anthu.

"Abambo. Amayi. Amalume. Ennie. Ine. Faifi!" Anakwinya nkhope. "Amayi, wina sadya."

"Onsewa ndi a amalume," anatero Amayi. "Mlendo ndi mlendo. Ife tidya mfutso."

"Mfutsonso?"

"Mfutsonso. Ndipo chotsa chala chakocho."

Kapitawo anabwera. Kapitawo anali mphaka wa panyumbapo. Ananunkhiza. Analira, nyawu!

"Choka, wakuba iwe!" anatero Amayi. "Ndiwabisa poti iwe sungawapeze. Ngakhale Jacinta sangawapeze."

Amayi analowa okha m'khitchini. Anatseka chitseko. Sanauze munthu pamene anabisa.

Madzulo Ennie ankatsuka mbale kuseri. Anamva Amayi akulankhula ndi Abambo.

"Achimwene akhalitsa kunja," anatero Amayi. "Akapanda kupeza kukoma kwa kwathu, abwerera. Muona."

Ennie anawasunga mawu amenewo mumtima.

Loweruka linafika. Abambo anatenga njinga. Anapita kumsewu kukachingamira minibasi. Ennie anadikira. Jacinta anadikira. Kapitawo anagona.

Dzuwa litapendeka, anthu awiri anatulukira. Abambo ankakankha njinga. Pakaliyala panali sutikesi. Inali yakale, yomanga ndi chingwe. Pambuyo pankabwera munthu wamtali, wa imvi pang'ono. Sankafanana ndi wa pachithunzi uja.

"Achimwene!" anakuwa Amayi. Anathamanga. Chitenje chinatsala pang'ono kugwa. Analira. Anaseka. Analiranso.

Ennie anagwada. Anapereka moni ndi manja awiri.

"Uyu ndiye Ennie?" anafunsa Amalume. "Mphumi iyi ndi ya agogo ake."

Abambo anatsitsa sutikesi.

"Tilowetse kuchipinda, alamu?"

"Ayi, alamu. Isiyeni kaye pakhomo pomwepo."

Sutikesi inakhala pakhomo. Chingwe chake sichinamasulidwe.

Amalume anakhala pakhonde. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko.

"Eliza, mtengo wa mango uja uli kuti?"

"Anaudula, achimwene. Anawotchera njerwa."

"Nanga nyumba ya mayi athu?"

"Inagwa ndi mvula."

"Nanga mnzanga Lazaro?"

Amayi anayang'ana pansi. "Anatisiya chaka chatha."

Amalume anayang'ana sutikesi yawo. Ennie nayenso anaiyang'ana. Mango kulibe. Nyumba kulibe. Mnzawo kulibe. Kwangotsala matemba.

"Chakudya chipse msanga," anaganiza Ennie. "Ndiwathandize Amayi."

Palibe anamutuma. Analowa m'khitchini. Mfutso umafuna nsinjiro. Izo Ennie ankazidziwa. Anakokera mtondo panja. Anatenga munsi. Anakwera pampando. Anatsitsa chitini cha mtedza.

Anakhuthula chitini chonse mumtondo, khuthulu! Sanayang'ane mumtondo. Maso ake anali pasutikesi.

Anayamba kusinja.

Gu! Gu! Gu!

"Amalume asapite."

Gu! Gu! Gu!

"Amalume akhale."

Gu! Gu! Gu!

Kapitawo anadzuka. Anabwera pamtondo. Anazungulira. Analira, nyawu! Anazunguliranso.

Jacinta anabwera. Anakweza mphuno.

"Ennie, mtedza wako ukununkha nsomba."

"Usandisokoneze, iwe."

"Zoona! Tanunkhiza."

Ennie anasiya munsi. Anasuzumira mumtondo. Anaona nsinjiro. Anaona tinthu tonyezimira. Anaona kamchira kakang'ono.



Amayi anali atabisa matemba m'chitini. Anawabisa pansi pa mtedza. Kapitawo sanawapeze. Jacinta sanawapeze. Munsi ndi umene unawapeza.

Nthawi yomweyo Amayi anabwera. Analowa m'khitchini. Anatuluka msanga.

"Chitini cha mtedza chili kuti?"

Jacinta analoza chitini. Kenako analoza mtondo.

"Mayo ine!" Amayi anagwira kumutu. "Iwe mwana, wakutuma ndani?"

"Palibe, Amayi."

"Songani ndinafika. Naisi ndinafika. Mapazi awa! Tsopano achimwene ndiwapatsa chiyani?"

Amayi anakhala pamwala. Sanakalipenso. Anangogwira tsaya. Zimenezo zinamupweteka Ennie kuposa kukalipa.

Ennie analira. Misozi inatsika mpaka kukamwa. Anapukuta ndi dzanja. Dzanjalo linali ndi nsinjiro. Ananyambita.

Anasiya kulira.

Anatapa pang'ono mumtondo. Analawanso.

"Amayi," anatero. "Talawani."

"Ndilawe chiyani? Fumbi?"

"Talawani, Amayi. Matemba sanapite. Ali momwemu. Angobisala."

Amayi anamuyang'ana. Anatambasula dzanja. Analawa. Anatseka maso.

"Anali anayi," anatero Ennie. "Tsopano ali ponseponse."

Amayi anadzuka. Anamanga chitenje mwamphamvu.

"Sinja bwinobwino, minga isatsale. Jacinta, tenga sefa. Ine nditsitse chikwatu."

Ennie anasinja. Gu! Gu! Gu! Jacinta anasefa. Amayi anaviika mfutso m'madzi. Anawiritsa. Anadulira theka la tomato. Anathira mchere. Kenako Ennie anathira nsinjiro zija pang'onopang'ono.

Mphika unayamba kuyankhula. Phwa! Phwa! Phwa!

Fungo linatuluka m'khitchini. Linadutsa pabwalo. Linakwera pakhonde. Amalume anali pakati pa nkhani. Nkhaniyo sanaimalize.

Chakudya chinapsa dzuwa lisanalowe kuseri kwa phiri. Abambo ndi Amalume anakhala patebulo m'nyumba. Amayi ndi ana anatsala panja. Umo ndi mmene zinkakhalira kukabwera mlendo.

Ennie anapititsa madzi osamba m'manja. Anagwada. Anathirira Amalume. Anathirira Abambo. Sanachoke. Anaima kuseri kwa chitseko, pafupi ndi sutikesi.

Abambo anapemphera. Anavundukula mbale.

Amalume anayang'ana ndiwo. Anayang'anitsitsa. Anapendeketsa mbale.

"Eliza!" anaitana. "Fungo ndalimva. Nanga matemba anga ali kuti?"

Jacinta anasuzumira pawindo.

"Abisala!" anakuwa.

Amalume anaima dzanja lili m'mwamba.

"Wati chiyani, mwana iwe?"

"Abisala, amalume."

Amalume anatema nsima. Anasunsa. Anaika m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono. Msozi umodzi unatsika. Unalowa m'ndevu.

Ennie anachita mantha. Anagwira chingwe cha sutikesi.

"Eliza, tabwera," anatero Amalume. "Wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

Amayi anagwada pakhomo. "Pepani, achimwene. Zachitika mwangozi."

"Ngozi? Iwe sungakumbuke. Unali kumsana. Nyanja ija inaphwanso nthawi imeneyo. Mayi athu ankapeza matemba atatu. Pakhomo tinalipo anthu asanu ndi atatu. Ankawasinja pamodzi ndi mtedza. Ife tinkafufuza m'mbale ndi zala. Iwo ankaseka. Ankati, 'Abisala. Afuneni ndi lilime.'"

Amayi anagwira pakamwa.

"Ku Zambia ndadya kapenta, tinsomba ta kumeneko," anatero Amalume. "Ndadya nyama. Ndadya za m'zitini. Koma izi sindinazipeze. Ndinkayesa zinapita ndi mayi athu."

"Si ine, achimwene," anatero Amayi. "Wasinja ndi uyo wabisala kuseri kwa chitsekoyo."

"Nayenso wabisala? Tuluka, temba iwe!"

Ennie anatuluka. Abambo anaseka mpaka kutsokomola.

Amalume ananyamula mbale ya ndiwo. Anatuluka nayo panja.

"Yalani mphasa," anatero. "Ndiwo izi sadyera patebulo. Sadya munthu mmodzi."

Onse anakhala pamphasa. Abambo anasunsa. Amayi anasunsa. Amalume anasunsa. Ennie anasunsa. Jacinta anasunsa kawiri.

"Mwawapeza?" anafunsa Amalume.

"Ndawapeza!" anatero Jacinta. Anawerenga ndi chala chonona. "Wani. Thu. Fili. Folo. Faifi. Tonse tadya!"

Kumtondo kunamveka phokoso. Kapitawo anali atalowetsa mutu. Mchira wokha ndi umene unkaoneka.

"Sikisi!" anatero Jacinta.

Mbale inayera mbee. Palibe anatsala ndi njala.

Amalume anasamba m'manja. Anayang'ana phiri. Kenako anayang'ana Ennie.

"Mawa tidya chiyani, mphwanga?"

Ennie anayang'ana pansi. "Mfutso, amalume."

"Nanga mkuja?"

"Mfutsonso."

"Nanga Lachitatu?"

"Nandolo."

"Chabwino. Wosinja mtedza ndikhala ine."

"Aa, alamu!" anatero Abambo. "Mwamuna pamtondo? Domasi yonse ibwera kudzaonerera."

"Ibwere. Indione kuti ndafika."

Ennie anafunsa funso lake lija.

"Musinja mpaka liti, amalume?"

"Mpaka nyanja ibwerere."

"Nanga ikabwerera?"

"Ikabwerera, ndichokerenji? Matemba oonekera adye ndani?"

Amalume anadzuka. Anapita pakhomo. Anawerama pasutikesi. Anamasula mfundo yoyamba. Anamasula yachiwiri.

"Ennie, gwira uko. Jacinta, tsegula chitseko."

Sutikesi inalowa kuchipinda. Inali yolemera. Ennie sanamve kulemera.

Amalume anapinda chingwe chija. Anamupatsa Ennie.

"Ichi sindichifunanso. Chipezere ntchito."

Ennie anathamangira kukhitchini. Chikwatu chinali pansi. Chingwe chake chakale chinali chitatha ndi utsi. Ennie anamanga chatsopano. Anamanga mfundo yoyamba. Anamanga yachiwiri. Anawonjezera yachitatu.

Amalume anamunyamula m'mwamba. Ennie anakoleka chikwatu kudenga.

Chingwe chija chinaona Zambia. Chinaona misewu yambiri. Tsopano chinakhala m'khitchini ya ku Domasi. Chinagwira ndiwo za mawa.

Ndipo sichinapitenso kulikonse.