Laputopu Yogulidwa Asanamete

Laputopu yonyezimira, ya chaja yakeyake, pa mtengo wa njinga yakutha. Munthu wanzeru akadafunsa kaye kuti yadwala chiyani. Koma Cyprian Mbewe anali katswiri wonenerera, ndipo munthu wotere akaona mtengo ukutsika wokha amayesa ndi luso lake.

Anaigula m'mawa pafupi ndi chipata cha m'malire a Zambia, kwa mwamuna wina dzina lake Greyson, wa maso ofiira ngati wachezera usiku wonse. Cyprian atatchula theka la mtengo, Greyson sanalimbe n'komwe. Anangotambasula dzanja, n'kukwera kabaza osacheuka.

Cyprian anali ndi kashopu kotayipa makalata m'mbali mwa msewu wopita ku Kachebere. Kutsogolo kunali shopu, kuseri kogona. Ankakhala yekha. Mkazi wake anapita kwawo kalekale kukaona matenda, ndipo zikuoneka kuti wodwalayo sanachirebe. Kompyuta yake yakale inapsa tsiku lina magetsi atabwera ndi ukali, makasitomala n'kumwazikana. Anatsala ndi kalabu imodzi ya alimi a ku Mlonyeni, imene inamusiyira chikalata chachitali chopempha pampu yothirira. Chinkafunika ku Boma m'mawa mwake. Tcheyamani wa kalabuyo ananena mosabisa kuti chikalephereka ichi, sadzawaonanso pakhomo pake.

Anatayipa tsiku lonse osadzuka. Dzuwa litalowa magetsi anazima, monga mwa khalidwe lawo. Oyandikana nawo anatseka mashopu n'kupita kwawo. Msewu unati zii. M'nyumbamo munatsala kuwala kwa laputopu kokha.

Atamaliza tsamba lomaliza, anadina posunga.

Panatuluka kabokosi. Pamwamba panali kachithunzi kozungulira ka mayi wovala magalasi, pansi pake dzina: Esitele Jere. Kabokosiko kankafuna pasiwedi.

Anakatseka. Anadinanso posunga. Kanabweranso.

"Mayi inu, ndagula ine chinthuchi," anatero Cyprian, akuseka yekha.

Anakatsekanso. Kanabweranso. Batire inali itatsika kwambiri, ndipo iye ankadziwa kuti ikangozima, ntchito ya tsiku lonse ipita nayo limodzi.

Ndi pamene anamva mawu pakhonde.

"Odi."

Mawu a mzimayi. Otsika, aulemu, ngati a munthu amene sakufuna kudzutsa ana.

Cyprian sanamve mapazi akubwera. Panjira yofika pakhonde pake panali miyala yaing'onoing'ono imene inkalira ngakhale nkhuku ikadutsa.

"Ndani?"



Anayang'ana pa laputopu. Kabokosi kaja kanali pomwepo, nakonso kakumufunsa iye kuti ndi ndani. Anakatseka.

"Odi."

Tsopano mawuwo anali pafupi ndi chitseko, chapansi, ngati mwini wake wakhala.

Anatenga foni n'kuimbira Caroline, mwana wa mlongo wake, amene amagwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe. Anamufotokozera za kabokosi kokha. Za pakhonde sanatchule.

"Malume, mwagulanso zotchipa eti?" Caroline anaseka. "Akaunti ya mwini wake wakale ikadali m'menemo. Laputopuyo ikufuna kusunga chikalata chanu pa intaneti m'dzina lake, ndiye ikukanidwa. Mwina kuntchito kwake anaitseka akauntiyo."

"Amatseka munthu akatani?"

"Akasiya ntchito. Kapena akamwalira. Inu pitani pamwamba pomwe pali dzina lakepo, mumutulutse. Mukatero musunge pa laputopu pomwepo. Sichivuta."

"Chabwino."

"Malume, mwapeza aanti atsopano osatiuza?"

"Ukutanthauza chiyani?"

"Ndikumva mayi akuyankhula chapafupi nanu."

Mayunitsi anathera pomwepo.

Cyprian anatsitsa foni. Kenako anachita monga anauzidwira. Anapita pa dzina lija. Anapeza potulutsira. Laputopu inamufunsa ngati akufunadi kumuchotsa munthuyu. Chizindikiro cha batire chinali chitafiira.

Anaika chala.

"Musandichotse, bambo." Mawuwo analowera pansi pa chitseko limodzi ndi kamphepo kozizira. "Kwathu sanamete."

Mwana aliyense wa m'boma lino amadziwa kuti katundu wa malemu satuluka m'nyumba abale asanamete maliro ndi kukhala pansi kugawa. Ngakhale supuni. Cyprian anakumbukira maso ofiira a Greyson, ndi dzanja lija lotambasuka msanga.

Pakamwa pake panayamba ntchito imene panazolowera, yonenerera.

"Mayi," anatero, "tiyeni timvane. Ine sindinabe. Mundilole ndisunge chikalata chimodzi chokhachi, ndi cha alimi osauka. Kukacha ndikuperekezani kwanu. Dzina lanu sindilikhudza."

Kutali, kutsidya la malire, galu anauwa kamodzi n'kusiya.

Anachotsa chala potulutsira paja. Analowetsa fulashi yake. Anadina posunga.

Kabokosi sikanabwere. Chikalata chinasungika, laputopu n'kuzima nthawi yomweyo. Mdima unadzaza nyumba.

Sanagone. Anakhala pampando atatsamira khoma, ndipo kuseri kwa khomalo ankamva kuti wina watsamiranso. Chodabwitsa n'chakuti mantha anayamba kuchepa. Panali patapita nthawi yaitali chikhalireni ndi munthu madzulo.

Kutacha anatsegula chitseko. Pafumbi la pakhonde panali malo osalala pomwe munthu anakhala atatambasula miyendo, monga akhalira amayi pasiwa. Mapazi obwera panalibe. Opita panalibenso.

Anakasindikiza chikalata kwa mnzake, n'kuchipereka kwa tcheyamani. Kenako anakulunga laputopu m'chitenje chimene mkazi wake anasiya, n'kuyamba kufunsa akabaza ngati amva za maliro a kwa Jere. Anamulozera ku Dambe.

Anapeza anthu akadali pamsasa wa maliro. Esitele anali kalaliki pa esiteti ina ya fodya, ndipo anali ataikidwa dzana lake. Greyson anali mlamu wake. Anatulutsa laputopuyo pawindo thupi likadali m'nyumba. Mayi ake a malemu analandira chitenjecho ndi manja awiri, osafunsa kuti wadziwa bwanji.

Apa anthu amanena zosiyana. Ena amati inali mphepo ndi kusungulumwa basi. Akabaza amati Greyson ali ku Chipata, sagona nyumba imodzi kawiri, ndipo amalumpha munthu akangoti odi. Oyandikana ndi Cyprian amangonong'ona kuti masiku ano magetsi akazima, amatulutsa kampando n'kukasiya pakhonde asanatseke chitseko.

Koma mukafunsa amene analipira, yankho ndi limodzi. Greyson anadya zake. A kwa Jere analandira zawo. Cyprian, katswiri wonenerera uja, analipira mtengo wa laputopu imene alibe, kabaza wopita ku Dambe ndi kubwerera, ndi chipepeso cha maliro a mayi amene anacheza naye usiku umodzi wokha, chitseko chili chotseka.