Kanema Wokumbukira Margo Tsukada

Mtembo wa Margo Tsukada unapezeka Lachiwiri, 1:20 masana, m'chipinda chake chodulira makanema ku Burbank. Unagona chafufumimba, mutu utaphwanyika kunkhongo. Pambali pake panali chikho chachitsulo, chimodzi mwa zisanu ndi zinayi zimene mayiyu anapata popanga timakanema totsatsa mafilimu. Pa kompyuta, sitima yapamadzi inkaphulika, n'kuyambiranso, n'kuphulikanso. Palibe anaganiza zoizimitsa.

Ignacio Barragán, wapolisi amene anali atafufuza milandu kwa zaka 26, anagogoda khoma. Linali lofewa ngati matiresi.

"Muno mungakuwe mpaka kusasa mawu, kunja samva," anatero bambo wina waimvi ataima pakhomo. "Ndine Lyle Brandvold. Kampani ino tinaiyamba awiri, ine ndi Margo."

"M'mawa uno munali kuti?"

"Ku situdiyo, kujambulitsa mawu. M'malo motaya nthawi ndi ine, kafunseni mwana wakeyo, Wes. Abwebwetsana poimika magalimoto cha m'ma 8 koloko, mlonda anamva zonse."

Dokotala anati Margo anafa 9 koloko isanakwane.

Lachitatu, 10:05 m'mawa, Wes Tsukada, wa zaka 23, anakhala m'chipinda chofunsira anthu, maso ali psuu.

"Unasiya koleji," anatero Barragán. "Mayi ako anakwiya."

"Kukwiya? Anandiuza kuti moyo wanga sungatsatsike ngakhale atauikira nyimbo."

"Iwe unayankha chiyani?"

"Ndinati akafere komweko ndi mafilimu awowo." Anapukuta mphuno ndi dzanja. "Lembani, bwana. Lembanitu bwino. Ndi mawu omaliza amene ndinawauza amayi anga."

"Zidindo za zala zako zili pachikho chija."

"Amaikamo makiyi a kunyumba. Ndakhala ndikupisamo dzanja kuyambira ndili ndi zaka naini. Inu amayi anu simunawatukwanepo?"

Loya wa boma ankafuna mnyamatayo atsegulidwe mlandu wakupha pofika Lachisanu 5 koloko madzulo, ndipo panalibe choti n'kumukaniza nacho.

Lachisanu, 2 koloko, anthu a ntchitoyi anadzaza holo ina yoonetsera mafilimu kudzakumbukira Margo. Mwana wake anali m'chitokosi. Barragán anakhala kumbuyo. Magetsi atazima, kanema wokonzedwa ndi Lyle anayamba: Margo ali mtsikana, akudula filimu ndi lumo, Margo akudya mpunga wozizira pa kompyuta, Margo akukalipira munthu wina, kenako n'kuseka. Ndiye panamveka mawu akuluakulu aja amene aliyense amawadziwa koma sadziwa mwiniwake.

"Kwa zaka makumi atatu anatichititsa kulakalaka zimene sitinaone. Margo Tsukada, usa mumtendere."

Holo yonse inali fwefwe kulira.

"Cornell Ames ameneyo," mayi wina ananong'oneza Barragán. "Mwayi wake Margo. Bamboyu madokotala anamung'amba pakhosi Lachiwiri masana, sayankhula mpaka Khirisimasi."

Barragán anatuluka anthu asanayambe kuwomba m'manja.

3:10, anali kunyumba kwa Cornell Ames ku Glendale. Nkhalambayo inali ndi bandeji pakhosi ndi kabuku m'manja.

"Mawu otsanzika Mayi Tsukada munawajambula liti, bambo?"

Cornell anatsegula foni. Kwa zaka makumi anayi, asanawerenge tsamba lililonse, ankayamba watchula tsiku ndi nthawi kuti odula kanema asasokoneze. Mawu ake anatuluka: "Lachiwiri, 10:40 m'mawa, tsamba lomaliza." Kenako mzere uja, katatu.

Mtembo unapezeka 1:20.

"Simunadabwe?"

Cornell analemba mokwiya: *Ndimawerenga mizere mazana awiri patsiku. Dziko ndalithetsapo kambirimbiri potsatsa mafilimu. Lyle anati ndi nthabwala ya paphwando la Margo.*

4:05, Lyle Brandvold anakhala pampando womwe unakhalidwa ndi Wes, duwa loyera la kumwambo kuja likadali pajekete. Barragán anamuyatsira mawu aja, n'kupinda manja.

"Munamulira mnzanu kutatsala maola awiri ndi mphindi 40 kuti apezeke, Bambo Brandvold. Ndinu mneneri?"



"Galu wachabechabe," anatero Lyle. "Mpaka lero Cornell amatchulabe nthawi."

"Munalekeranji kudikira?"

"Ndidikire chiyani? Cornell amapita ku mpeni 2 koloko! Inu mumafuna Margo atsanzikidwe ndi timawu ta pamphuno ta aliyense wongotola? Wa mawu ukamupeza, umajambuliratu zonse. Ntchito yathu ndi imeneyo."

"Ndiye munamupha, n'kukamukonzera maliro apamwamba."

"Simukudziwa kanthu inu. Timakanema tathu satilemba mayina. Zaka 27 ine ndikulemba, iye akukwera pansanja. Mwezi wamawa amakalandira ulemu wa ntchito ya moyo wake wonse, ndipo anandituma ineyo ndimusonkhanitsire ntchito zakezo. Mwa makumi awiri, khumi ndi zinayi n'zanga. Wes atangochoka ndinalowa, ndinati, 'Margo, ukanditchuleko kamodzi kokha.' Sanatembenuke n'komwe. Anati, 'Lyle, tili ndi mphindi ziwiri ndi theka basi. China chake chiyenera kudulidwa.'"

"Ndiye mlanduwo munati ausenze mwana wake?"

"Mwana uja sanaonerepo ntchito ya mayi ake mpaka kumapeto." Lyle anaweramira kutsogolo unyolo ukulowa m'manja. "Koma analira, eti? Munalipo inu. Holo yonse."

4:50, Barragán anatsegula chitokosi. Wes anatuluka atanyamula lamba ndi zingwe za nsapato.

"Mwambo watha?"

"Watha."

"Ndiye mwandisunga mpaka amayi anga awalire anthu ena. Zikomo kwambiri, bwana."

Barragán anamupatsa foni, pali kanema uja.

"Wakonza ndi amene anawapha," anamuchenjeza.

Wes anakhala pabenchi, natsitsa mawu mpaka ziii. Anaonera mayi ake akudula filimu, akudya mpunga wozizira, akukalipa, akuseka, popanda wina womuuza kuti anali ndani. Mphindi ziwiri ndi theka zitatha, anabwezeranso poyamba.