Bokosi la ku Kilwa

Pali mbava, ndiye pali Hosea Kalumba, galu woba pamaliro.

Mu 1967, Moven Nsama, dalaivala wa lori wa ku komboni ya Matero, anafa ndi malungo ku Kilwa, kugombe la nyanja yamchere ku Tanzania. Uthenga utafika, pakhomo panadzaza anthu. Amayi anali m'nyumba ndi namfedwa, Petronella, abambo panja pamabenchi. Petronella ankafuna chinthu chimodzi basi: kuona nkhope ya mwamuna wake ndi kumuika yekha m'manda.

Hosea anatulukira Lachiwiri, tayi pakhosi, maso ouma gwa.

"Ba Petronella, osalira," anatero. "Nili na banzanga ba ndeke. Thupi izachoka ku Kilwa kuyenda ku Mtwara. Ku Mtwara ndiye kuli ndeke ya katundu yobwera kuno."

Monga malipiro ake anasenza makina osokera, omwe ankadyetsa ana atatu a mayiyo. Manyazi analibe.

Sabata inatha, thupi osafika. Amayi akamufunsa, ankati, "Kilwa na Mtwara ni patali maningi. Ndeke iyenda masiku yatatu, ipumula panjira." Koma panja panali madalaivala odziwa gombelo, ndiye kumeneko bodza ankalisintha: "Ni pafupi, ola imozi sikwana. Vuto ni mapepala." Ankadalira kuti pamaliro nkhani za abambo ndi za amayi sizikumana.

Zinakumana. Maud, mng'ono wa Petronella, anatuluka ndi beseni la madzi osamba m'manja ndipo anamva bodza linalo ndi makutu ake. Mtima unamuwira. Anatula beseni, ulendo wa kupolisi.

Sajeni Dingani anamvetsera, kenako anapukusa mutu. "Ndeke ya masiku yatatu? Ikokewa na ng'ombe? Bwererani, amai. Musakambe chilichonse mpaka abwerese chamene azabweresa."

Loweruka m'mawa galimoto inaima pakhomo, Hosea ali kutsogolo. Anatsitsa bokosi lokhomedwa misomali mbali zonse. Amayi anayamba kulira mokweza.

"Lamulo ni yakuti osasegula," anatero Hosea. "Thupi yaonongeka pa ulendo."

Maud anaima kutsogolo kwake. "Ulendo uti, ba Kalumba? Wa masiku yatatu, olo wa ola imozi?"

Abambo anayang'ana amayi, amayi anayang'ana abambo. Petronella anadzuka pamphasa, mawu atasasa.

"Mwamuna wanga siningamuike osamuona pamenso. Segulani."

Dalaivala wina anabweretsa chitsulo cha matayala. Chivundikiro chinakanuka. M'katimo munali matumba a mchenga, atakulungidwa m'bulangete.

Hosea analiyatsa liwiro, kulumpha mpanda wa kuseri, n'kugwera m'manja mwa Sajeni Dingani, amene ankamudikirira kumeneko. Unyolo unamupulumutsa, chifukwa amayi a ku Matero anali atatola kale nkhuni.

Kupolisi anaulula zonse. Anthu a ndege sanalankhulepo nawo ndi kamodzi komwe. Makina aja anawagulitsa ku komboni ya Mandevu. Apolisi atafufuza, anapeza kuti Moven anaikidwa kale ku Kilwa ndi anthu osamudziwa, pamene Hosea ankapusitsa banja. Mtanda sanaikepo, ndipo palibe amene ankakumbukira malowo.

Khoti linamupatsa zaka zinayi akugwira ntchito yakalavulagaga. Ine ndimati zinachepa.

Kumanda a ku Chingwere, manda a Moven anali atakumbidwa kale, ndipo dzenje siligona lopanda munthu. Analipereka kwa banja lina. Petronella anapita, naima patali ndi ana ake, kuonerera anthu achilendo akukwirira manda a mwamuna wake.