Kagwede ndi Desiki Yonyezimira

Uyu ndi Kagwede. Kagwede sakhala phee. Akakhala pampando, amaugwedeza. Gwede, gwede! Akaona tebulo, amalowa pansi pake. N'chifukwa chake onse amamutcha Kagwede.

Dzulo Kagwede anathyola mpando wa Amayi. Sanachitire dala. Koma mpando unathyoka basi.

Tsopano Amayi apeza ntchito. Azilemba makalata pa kompyuta kunyumba. Kompyutayo ndi ya abwana awo.

"Ikangogwa, ntchito yathera pompo," anatero Amayi. "Ndikagule desiki yolimba. Ndikagulenso mpando."

"Ndipite nanu, Amayi?" anafunsa Kagwede.

"Tiye. Koma usakhudze kanthu. Usagwedeze kanthu. Usalowe pansi pa kanthu. Wamva?"

"Ndamva, Amayi."

M'sitolo munali mipando yambiri. Ina inali ya matayala. Ina inali yozungulira. Manja a Kagwede anayamba kuyabwa. Anawabisa kumbuyo.

Wogulitsa anabwera. Anali bambo wa mimba yaikulu.

"Takulandirani, mayi!" anatero.

"Zikomo, bambo. Ndikufuna mpando wotsika mtengo. Ndikufunanso desiki yolimba. Ndalama zanga n'zochepa. Ndikalakwitsa, sindigulanso."

Wogulitsa anawaonetsa desiki yoyera. Inali yosalala. Inali yonyezimira. Amayi anaikonda kwambiri.

Kagwede anasuzumira pansi pake. Panali ngati kanyumba. Anayang'ana kumbali. Anayang'ananso. Mtima unakana. Koma miyendo inapita yokha!

Pansipo Kagwede anaona chinthu. Mwendo wam'mbuyo unali wong'aluka. Wina anaumata ndi tepi yoyera. Kagwede anaukhudza ndi chala. Gwede!

Kagwede anachita mantha. Akanena, Amayi adziwa kuti walowa pansi. Akapanda kunena, kompyuta igwa. Ntchito ithera pompo.

Amayi anatsegula kachikwama. Anatulutsa ndalama. Wogulitsa anatambasula dzanja. Kagwede anayang'ananso mwendo uja.

"Amayi, musagule!" anafuula Kagwede.

Amayi anawerama. Anamuona ali pansi pa desiki.

"Iwe! Ndinati chiyani ine?"

"Pepani, Amayi. Koma mwendo uwu ndi wong'aluka."

Wogulitsa anaseka. Mimba yake inasekanso.

"Ana a masiku ano! Desiki iyi ndi njovu. Tuluka, mwanawe. Ndikhalepo, uone."

Kagwede anatuluka msanga. Wogulitsa anakhala padesiki.

Gwede.

Gwede, gwede.

Phofo!

Desiki inagwa. Wogulitsa anagwa chagada, miyendo m'mwamba. Amayi anagwira pakamwa. Ikanakhala kompyuta bwanji?

Wogulitsa anadzuka pang'onopang'ono. Anatola mwendo uja. Anaona tepi ija.

"Ha! Amene anandigulitsa desikiyi anandipusitsa," anatero. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pepani, mayi."

Amayi anayang'ana Kagwede. Kagwede anayang'ana pansi. Anadikira kukalipiridwa.

"Kagwede," anatero Amayi. "Gwedeza."

"Ine, Amayi?"

"Iwe amene. Gwedeza zonse!"

Kagwede anagwedeza desiki yofiira. Gwede! Iyi ayi. Anagwedeza mpando wa matayala. Gwede! Uwu ayi.

Pakona panali desiki yakale. Sinali yonyezimira. Inali yokandikakandika. Kagwede anaikankha. Anaikoka. Analowa pansi pake. Anagwedeza miyendo yonse. Desiki inangoti nji!

Pambali pake panali mpando wopanda matayala. Kagwede anakhalapo. Anayesa kutsogolo. Anayesa kumbuyo. Mpando unangoti nji!

Amayi anakhalapo nawonso. Anatsamira.

"Eya, msana wanga wagwirizana nawo," anatero. "Nanga mtengo, bambo?"

Wogulitsa anatchula mtengo, uku akusisita chiuno. Ndalama za Amayi zinakwana.

Kunyumba, Amayi anaika kompyuta padesiki. Anakhala pampando. Anayamba kulemba. Ta, ta, ta! Desiki sinagwedezeke.

Nanga Kagwede ali kuti? Amayi anawerama. Si uyo, pansi pa desiki!

"Ukutaninso m'menemo?" anafunsa Amayi.

"Ndikulondera miyendo, Amayi."

Amayi anaseka. Anamugirigisha ndi chala cha kuphazi.

"Londera, mwana wanga," anatero. "Ntchito imeneyo ndi yako."