Foni pa Botolo la Mchere

Lachinayi limenelo ndinachoka kusukulu belu la nkhomaliro lisanalire, nditasiyira ana a m'kalasi mwanga ntchito pa bolodi. Kunyumba ndinapeza amayi atayala kale nsalu yoyera pa tebulo, ija timayalira alendo. Mbale zinali zitatu. Pamalo pachinayi panali foni yawo, itayedzamira pa botolo la mchere.

"Batire ndadzaza," anatero amayi ndisanafunse n'komwe. "Ananena kuti hafu pasiti thwelofu."

Abambo anali pakhomo akupukuta magalasi. "Amanena zambiri mwana wanuyo," anatero. Koma anali atavala malaya awo a kutchalitchi.

Tinakhala pansi n'kumadikira. Mpunga unkafuka nthunzi.

Amene tinkamudikirayo anali mlongo wanga, womaliza kubadwa. Tonse tinkangomutcha Mzime. M'nyumba mwathu munthu sankadya yekha. Limeneli linali lamulo la abambo, ndipo silinkaphwanyidwa. Wina akachedwa, mmodzi wa ife ankakhala naye pa tebulo ngakhale atakhuta kale, kumangomuyang'ana akutafuna. Mzime anakula osadziwa mmene supuni imalirira m'chipinda chopanda anthu.

Atamaliza maphunziro a zamagetsi anapeza ntchito yokonza nsanja za mafoni, zitsulo zazitali zija zimaima pamwamba pa zitunda ndi kuseri kwa misika. Inali ntchito ya paulendo: masabata atatu m'misewu, sabata imodzi kunyumba. Tsiku limene anabweretsa lamba wa ntchitoyo, anavala pabalaza kuti mtima wa amayi ukhale pansi.

"Onani, amayi, ngowezi ndi ziwiri. Ndikamakwera ndimakola iyi ndisanamasule iyi. Imodzi imakhala itagwira chitsulo nthawi zonse. Ngakhale nditawodzera kumwambako, sindingagwe."

"Nanga uzidya ndi ndani?" anafunsa amayi.

Mzime anaseka. Anatenga foni yawo n'kuiyedzamiritsa pa botolo la mchere. "Ndizidya ndi inu. Ndikakhala pa tebulo ndiziimba. Abambo azipemphera kuno, ine ameni kumeneko."

Ndipo zinkaterodi kwa miyezi inayi. Pa foniyo tinkamva mbale zikugundana ndi wailesi ya eni malo odyera ikuyimba kutali. Abambo ankapemphera mwachidule chifukwa cha mayunitsi, kenako n'kuweramira pa foni. "Iwe, tseka pakamwa. Kutafunako ndikukumva kuno ngati mbuzi ili m'chimanga."

Zimene ndilembe apa zina anandiuza yekha, zina anandiuza adalaivala ake pambuyo pake.

Adalaivalawo anali bambo wachikulire, munthu wabwino, koma wokhala ndi mlamu m'tauni iliyonse. Akangoimika galimoto pamalo ogona alendo ankati, "Ine ndikaoneko alamu," basi n'kusowa. Choncho Mzime ankalowa m'lesitilanti yekha. Kulikonse kumene wafika funso linali limodzi, ndipo operekera zakudya ankalifunsa mokweza: "Muli nokha, bambo?" Akavomera, ankanyamula mpando wachiwiri n'kukaupereka ku tebulo la anthu oseka.

Madzulo ena atayedzamiritsa foni n'kutseka maso, anamva wina akukoka mpando pafupi naye. Anali wogulitsa penti, wamimba yake, amene anali atayenda m'misewu zaka makumi awiri.

"Achimwene, mukuipempherera foniyi? Yadwala?"

A pa tebulo lapafupi anaseka. Mzime anadula foni abambo asanafike pa ameni. Ife kunyumba tinkayesa kuti ndi netiweki.

"Ndikuphunzitseni za msewu," anatero wapentiyo. "Munthu wodya yekha amaoneka wamasiye. Womwa yekha amaoneka bwana. Botolo likaima patsogolo panu, palibe amakufunsani ngati muli nokha."

"Ine sindimwa, akulu."

"Wati mumwe ndani? Ingoliikani apo likulondereni."

Tsiku limenelo sanalikhudze. Tauni yotsatira anaitanitsa yekha, ndipo palibe anachotsa mpando. Tauni yachitatu anamwako theka, poti kutaya chinthu si bwino. Wogulitsa penti uja sanakumane nayenso mpaka kalekale. Sanafunikirenso.

Kuimba kuja kunayamba kuchedwa. Kenako kunafupika. Kenako kunasanduka uthenga wa mawu awiri: netiweki ikuvuta.

"Wokonza netiweki akuti netiweki ikuvuta," anatero abambo. "Ndiye ife tikadandaule kwa ndani?"

Amayi sanaseke. Foni ankaiikabe pamalo pake tsiku ndi tsiku.

Atabwera kunyumba mwezi wachisanu ndi chitatu, anali atanenepa nkhope yokha. Ankangotafuna maswiti onunkhira. M'mawa ponyamula kapu, tiyi anatayikira pa nsalu.

"Ndi malungo, Mzime wanga?" anafunsa amayi.

"Malungo a m'botolo," anatero abambo. Anavula magalasi. "Mwana wanga, mlongo wakoyu akalakwitsa amafufuta bolodi. Ine ndikalakwitsa kuntchito ndinkang'amba pepala. Ntchito yakoyo ilibe chofufutira. Manja amenewo ndi amene amakola ngowe."

"Ndine wamkulu, abambo. Inu simudziwa za kunja kuja."

"Sindidziwadi. Ndimangodziwa kutalika kwa nsanja."

Madzulo ake Mzime anatenga mbale yake n'kukalowa kuchipinda, n'kutseka chitseko. Zoterezo zinali zisanachitikepo m'nyumba mwathu. Amayi ananyamula kampando n'kukakhala kunja kwa chitsekocho mpaka supuni italeka kulira.

Patapita masabata awiri anagwetsa sipanala ali pamwamba pa nsanja. Inaboola denga la galimoto, pafupi penipeni ndi pamene adalaivala ankawerengera nyuzipepala. Adalaivala sanakanene kuofesi. Anangomudikira atsike, n'kumuonetsa bowolo.

"Mwana iwe, lero ndi sipanala."

Lamlungu lomaliza anabwera kudzandipeza kusukulu, kumene ndinkachonga mayeso. Anakhala pa desiki ya ana, mawondo atakana kulowa pansi pake. Anandiuza zonse, za mpando wachiwiri ndi za wapenti uja.

"Achemwali, sikuti ndimaukonda. Poyamba linali funso lija basi. Koma pano manja akapanda kulawa amachita chonchi." Anawatambasula. Ankanjenjemera ngati a nkhalamba.

"Pempha tchuthi. Tipite kuchipatala, akakuthandize kusiya bwinobwino."

"Akadziwa andichotsa ntchito. Ndisiya ndekha, ndine mwamuna."

"Ndiye imba lero lomwe. Abambo sakukusungira mlandu."

"Ayi. Ndipatseni masiku atatu ndikhale osamwa, kuti akamapemphera ndisachite manyazi kunena ameni. Lachinayi, hafu pasiti thwelofu. Muwauze amayi."

Ndinavomera. Ndine mphunzitsi, ndimadziwa kuumiriza mwana. Tsiku limenelo sindinaumirize.

Ndiye chifukwa chake tinali pa tebulo Lachinayi lija. Wani koloko inakwana. Mpunga unaleka kufuka. Abambo anati ndibwerere kusukulu, koma sindinadzuke, ndipo iwo sanabwerezenso. Thu koloko inadutsa. Amayi anavundikira mbale zonse zitatu.

Foni inalira nthawi ili cha m'ma fili. Amayi anaiyankha osaichotsa pa botolo paja, kuti tonse timve. Abambo anali atatseka kale maso.

Anali adalaivala. Anali atayenda mtunda wautali ndithu kufunafuna pomwe foni ingagwire.

Nkhani yake ndi yaifupi. Usiku wa Lachitatu mphenzi inawomba nsanja ya m'katauni kena, ndipo dera lonselo linakhala lopanda netiweki. Anawatumiza kumeneko mwadzidzidzi. Anafika cha m'ma leveni. Adalaivala ataona manja ake anati adye kaye, apume, akakwere thu koloko iwo ali pansi monga mwa lamulo. Kenako anapita kukaona alamu.

Mzime analowa m'lesitilanti. Anali asanamwe masiku atatu, monga analonjezera. Anaitanitsa chakudya. Anayang'ana foni, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Anayesa kunyamula tiyi, n'kutaya. Ndiye anaitanitsa tambula imodzi ya mowa waukali, akuti manja akhazikike. Anakhazikikadi. Anaonjezera yachiwiri kuti asadzayambirenso ali kumwamba. Anavala lamba n'kupita yekha kunsanja, nthawi isanakwane thwelofu, kuti netiweki ibwerere aimbe kunyumba.

Amene anafika poyamba pamene anagwera akuti lamba sanaduke. Ngowe zonse ziwiri zinali zabwinobwino. Zonse ziwiri zinali m'chiuno mwake.

Ndalemba izi chifukwa cha ana amene ndimawaphunzitsa, poti ambiri a inu ntchito idzakutengerani kutali ndi kwanu. Mlongo wanga sanali woipa. Sanabe, sanamenye munthu. Anachita manyazi ndi mpando wopanda munthu, n'kuikapo botolo. Mowa sukupezani ngati mdani. Umabwera ngati mnzanu wokhala nanu pa tebulo, ndipo mukauzolowera umatenga manja anu, kenako nzeru zokumbukira zimene mumazidziwa bwino. Kudya nokha si tchimo ndipo sikupha. Akakufunsani ngati muli nokha, vomerani, tsekani maso, pempherani, idyani. Botolo loyamba likaneni, ngakhale atati ndi longokulonderani. Ndipo ngati munayamba kale, musadikire Lachinayi kuti muyambe mwayera. Imbani kwanu lero, muli choncho, ndipo lolani anthu akuthandizeni.

Maliro atatha ndinapita ndi adalaivala kukatenga chikwama chake. Tinakwera galimoto yomwe ija. Bowo la padenga anali atalimata ndi selotepi, ndipo mphepo inkaliza mluzu pamenepo. Titafika anandilozera lesitilanti ija, iwo n'kutsala m'galimoto.

Munali matebulo asanu ndi limodzi. Mayi woperekera zakudya anandizindikira ndisanadzitchule. Anati timafanana mphumi. Anapukuta manja pa epuloni n'kutulutsa foni ya Mzime m'kabati.

"Anakhala pati?" ndinafunsa.

"Apo, pawindo. Ine ndinangofunsa monga timafunsira, kuti muli nokha, bambo? Iwo anati ayi, tilipo anayi. Ndiye mipando ndinaisiya."

"Ananenanso china?"

"Potuluka anati ndisachotse kanthu, abwera pompano. Sindinachotse mpaka titatseka."

"Panali chiyani?"

Anayang'ana tebulo lija ngati zinthuzo zikadalipo.

"Mpunga, sanaukhudze. Matambula awiri. Ndi foniyi, anaiyedzamiritsa pa botolo la mchere."